Mbendera yatigawanitsa kuntchito, tithandizeni

Abale anzanga, ndikupempha nzeru. Ndimagwira ntchito pa loji ina m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, ndipo nkhani ya mbendera yatiyambanitsa zedi.

Mbendera yathu, ya dzuwa lofiira lotuluka ija, mwera unaing'amba, mtundu wobiriwira n'kufwifwa. Bwana atapeza musitolo mbendera ina yakale, ya dzuwa loyera lathunthu yomwe inabwera mu 2010 n'kuchotsedwa mu 2012, anauza mlonda kuti aikweze kaye podikira kugula yatsopano. Mlondayo, bambo wachikulire ndithu, wakanitsitsa. Akuti iwo sangakweze mbendera yomwe Nyumba ya Malamulo inaisiya, bola mlongoti ukhale wopanda kanthu. Ena akuti bwana akupanga ndale, ena akuti nsalu ndi nsalu basi. Ine ndili mbali ya mlonda, ndipo zikundiwawa chifukwa bamboyo akumuopseza kuti amudula malipiro.

Ndiye odziwa malamulo, kodi kukweza yakaleyo ndi mlandu pansi pa Protected Flag, Emblems and Names Act? Nanga wantchito angalangidwe chifukwa chokana? Komanso yong'ambikayo, yomwe pano ili khwinyikhwinyi kuseri kwa kauntala, timaitaya bwanji mwaulemu? Tikafunse kwa DC kapena ku ofesi ya zantchito?