Ambululu a ana anga akungofa, thandizeni

Moni nonse a m'gulu lino. Ana anga awiri, wazaka 5 ndi wazaka 7, anawola ambululu pachithaphwi cha kuseri kwa nyumba kuno ku Chinamwali, ku Zomba. Akufuna aone mmene amamerera miyendo mpaka kusanduka achule. Koma akungofa, m'mawa uliwonse timapeza awiri kapena atatu atayandama.

Poyamba tinawaika m'ndowa ya madzi a pampopi. Nditakumbukira za klorini ndinathira madzi a mvula, ndowayo ndinaichotsa padzuwa. Gaga amene tinkawawazira tinasiya chifukwa madzi ankanunkha. Pano atsala 9 okha, ndipo wamng'onoyo misozi siikuuma.

Inu amene munasungapo, mumawadyetsa chiyani? Madzi tiziwasintha pakapita masiku angati? Kapena tingowabwezera kuchithaphwi, ana azikawaonera komweko?