Kodi galu wamkota amakandira chiyani, nthaka kapena thupi lake?

Wosamalira mahatchi, Kyalami:
Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi umene atsibweni anga andiponyera dzulo pafoni. Ine ndimagwira ntchito yosamalira mahatchi kuno ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg. M'khola mwathu muli hatchi yaikazi ya zaka 14 imene kuyambira kale inali yofatsa, moti ana amaphunzirira kukwera pa iyo, koma kwa milungu itatu tsopano yasintha. Ndikaipesa ndi burashi m'nthiti ndi kumimba, khungu lake limanjenjemera, makutu imawagoneka kumbuyo, mchira n'kumaukupiza mwaukali, ndipo Lachiwiri pamene ndimamanga lamba wa chishalo inapotoloka n'kundiluma paphewa. Pofotokozera atsibweni ndinati hatchiyo yayamba mwano chifukwa cha ukalamba. Iwo anandidula mawu nati, "Mphwanga, usainamizire, galu wamkota sakandira pachabe." Ine mwambiwu ndimaudziwa kuti umanena za anthu achikulire, kuti wamkulu akalankhula ndiye kuti pali chimene waona. Kodi ungakhalenso wa nyama imene ikukana kukhudzidwa? Nanga galuyo amakanda chiyani kwenikweni?

Mayi a ku Ntcheu:
Achimwene, mwandikumbutsa agogo anga aakazi, amene pakhomo pawo panali galu wamkazi wokalamba, wa mawere ogwa. Anthu akamaliza kukolola, anyamata ankatenga makasu kupita kokakumba mbewa, agalu ali pambuyo. Tiana ta galu tinkafukula paliponse, pachulu, pamzere, ngakhale pamene padutsa chiwala, ndipo palibe ankatisamala. Koma mkotawo ukanunkhiza, n'kuima, n'kuyamba kukanda dothi, aliyense ankathamangira pomwepo ndi khasu chifukwa pansi pake pamakhala una wa mbewa ndithu. Agogo anaunena mwambiwu pamene amachenjeza akulu anga za mnyamata wina amene ankawafunsira, ndipo patapita miyezi zinadziwika kuti mnyamatayo anali ndi banja kwawo. Choncho galuyo amakanda nthaka, ndipo mkotawo pankhani yanuyi ndi atsibweni anuwo, osati hatchi.

Bambo a ku Dedza, oweta abulu:
Pepani mayi, ine pamenepo sindikuvomereza. Kwathu agogo akaona galu wathu wamkulu akudzikanda kukhutu ndi mwendo wakumbuyo, ankati, "Mgwireni mumuone, wamkota sakandira pachabe." Tikamugwira tinkapezadi nkhupakupa zitatupa m'khutu ngati nyemba, kapena mphere zitayamba kuseri kwa khosi. Kamwana ka galu kamadzikanda posewera, koma galu wamkulu akadzikanda pali chimene chikumudya. Ine ndimaweta abulu okoka ngolo, ndipo ndinaphunzira zimenezi movutika. Bulu wanga wina anayamba kuponya mateche ndikamuyandikira ndi goli, ine n'kumamukwapula poganiza kuti ndi ulesi. Tsiku lina nditafunyulula ubweya pakhosi ndinapeza chilonda chachikulu ngati chikhatho. Goli limene ambirife timagwiritsa ntchito linapangidwira ng'ombe, imene ili ndi khosi lolimba ndi linunda, pamene bulu mphamvu zake zili pachifuwa ndipo amafunika malamba otambalala. Atsibweni a mnyamatayu anena molondola: chiweto chokhwima chikayamba kukana dzanja, funafunani chilonda.

Mphunzitsi wopuma, Kasungu:
Bambo a ku Dedza, nkhani ya bulu wanuyo yandikhudza, koma mawu a mwambiwo sakugwirizana nanu. Galu akanakhala kuti akukanda thupi lake, makolo akanati "sadzikanda pachabe". Iwo anati "sakandira", ndipo galu amakandira pamalo. Mayi anga ondibereka ankaunena mwambiwu akamatiletsa kusamba pamalo ena pamtsinje wa Bua, ife tisanaone ng'ona n'komwe. Mkota ndi chiweto chachikazi chimene chinabereka kale kangapo, mosiyana ndi msoti umene sunabereke. Mawu amenewa anasankhidwa pofuna kusonyeza nzeru zobwera ndi zaka. Nkhupakupa sizisankha mkota kapena msoti, zimaluma onse mofanana, ndiye kukanakhala kudzikanda, ukalamba wa galuyo ukanabweramo bwanji?

Mnzanu wa ku Summerveld:
Ine za mwambi ndisiyira akuluakulu, koma achimwene a ku Kyalami, zimene mwafotokozazo ndaziona kambirimbiri kuno kufupi ndi Durban kumene timasamalira mahatchi a mpikisano. Hatchi imene ikuluma pomanga lamba ndi kukana burashi m'nthiti, madokotala amayamba kuganizira zilonda za m'mimba. Mimba ya hatchi imatulutsa asidi usana ndi usiku osapuma, chifukwa nyamayi inalengedwa kuti izidya udzu pang'onopang'ono kwa maola mpaka 16 patsiku, ndipo malovu amene amachepetsa ukali wa asidiyo amatuluka pokhapokha ikamatafuna. Tikaitsekera m'khola n'kumaipatsa chakudya cha m'matumba kawiri patsiku, mimba imakhala yopanda kanthu nthawi yaitali, ndipo ikathamanga asidi uja amakhavukira kumtunda kwa mimba kumene kulibe chotchinga, n'kuotcha. Mahatchi ambiri a mpikisano ali nazo zilonda zimenezi. Dokotala amaimana chakudya usiku wonse, m'mawa n'kulowetsa kapaipi kautali kokhala ndi kamera kudzera m'mphuno mpaka m'mimba, ndipo akapeza zilonda amapereka mankhwala ochepetsa asidi otchedwa omeprazole kwa masiku 28. Kodi yanuyo ikumaliza chakudya? Kodi masiku ano ikutuluka kukadya msipu monga kale? Muonenso chishalo, chifukwa hatchi ikamakula msana umasintha, chishalo chimene chinkakhala bwino n'kuyamba kutsina. Palinso vuto lina la mafupa a msana amene amayandikana mpaka kukhudzana, limene limaoneka pojambula ndi X-ray.

Bambo a ku Dedza, oweta abulu:
Mwamva aphunzitsi? Chilonda chili m'kati mosaoneka, hatchi ikudziteteza, ndiwo mwambi womwewo. Ndipo "sakandira" wanuyo sakutsimikiza kanthu. Timanena kuti mwana salirira pachabe, kapena nkhuku sitetherera pachabe, ndipo palibe amene amati mwanayo akulira pamalo. Mawu akuti "pachabe" ndiwo akukoka mchira wa "-ira" umenewo. Kwathunso munthu akamadzikanda timangomufunsa kuti, "Ukukanda chiyani?" osawonjezera china. Za ukalambazo yankho lake ndi lapafupi: mkota unalumidwa kambiri, unazolowera, sungataye nthawi ndi ntchentche imodzi. Ukakanda ndiye kuti zafika posauzana.

Mlangizi wa ziweto, Lilongwe:
Ndiwonjezereko pang'ono, poti kuno mahatchi ndi ochepa koma abulu tili nawo, ndipo matenda awo ambiri ndi ofanana. Musanaganize zakutali, pitani ndi dzanja pang'onopang'ono thupi lonse, mukweze mchira, muone pakati pa miyendo yakumbuyo, kumawere ndi m'makutu, chifukwa nkhupakupa zimabisala mmenemo ndipo zina zimasiya chilonda chopweteka. Tizilombo ting'onoting'ono touluka madzulo ndi m'mbandakucha, timene timafalitsanso matenda a mahatchi otchedwa African horse sickness, timachititsa mahatchi ena kuyabwa mpaka kudzikhula pamtengo, ubweya wa pakhosi ndi kumchira n'kuthothoka. Mano nawonso amavuta, popeza a hatchi amatulukabe moyo wake wonse ndipo amasongoka m'mbali n'kumacheka masaya, n'chifukwa chake amafunika kupalidwa pafupifupi chaka chilichonse. Poti yanuyo ndi yaikazi, ena amalusa nthawi yofuna mwamuna, ndipo chotupa cha m'thumba la mazira chimatha kuisandutsa yaukali ngati mphongo. Koma ziwiri izi musazichedwetse. Ikayamba kuuma thupi, kudzidzimuka ndi phokoso laling'ono, nsagwada kulimba, ameneyo akhoza kukhala kafumbata, amene amagwira mahatchi mosavuta kudzera pabala laling'ono. Ndipo chiweto chofatsa chikalusa mwadzidzidzi, n'kumatuluka dovu kapena kudzandira, tiziganizira chiwewe. Chiwewe chikaonekera chimapha m'masiku ochepa, choncho milungu itatu ikusonyeza kuti mwina si chimenecho, komabe bala lolumidwa limatsukidwa ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mukalionetse kuchipatala. Za mwambi, agogo anga a ku Mitundu ankanena za kufukula, monga mayi a ku Ntcheu.

Mayi a ku Ntcheu:
Chimene chikundiwawa ine n'chakuti ana athu sangatsutsane ngakhale pang'ono pankhani ngati iyi, chifukwa mawuwo sakuwadziwa. Ndamufunsa mdzukulu wanga wa Fomu 3 kuti mkota n'chiyani, iye wayankha kuti mwina ndi galu wochokera ku Nkhotakota. Mbuzi ikakana kukamidwa amangoti yaboweka, mwana akalira usiku amatinso waboweka, mawu amodzi a chilichonse. Agogo ankasiyanitsa kulusa, kunyanyala, kunyinyirika ndi kudukidwa, ndipo posankha mawu oyenera ankakhala atayamba kale kufufuza chimene chavuta. Mwana amene sadziwa kusiyana kwa mkota ndi msoti angayang'ane bwanji pansi pa mchira wa chiweto?

Mphunzitsi wopuma, Kasungu:
Zoona mayi, ndipo mlandu wina ndi wathu makolo, amene timanyadira mwana akamathyola Chingerezi koma osamukhazika pansi madzulo. Ana a m'tauni sanaonepo galu akusaka mbewa, agalu amene amawadziwa ndi omangidwa paunyolo kuseri kwa nyumba. N'chifukwa chake kumasulira kwa bambo a ku Dedza ndikukuopa, kungafale msanga popeza kudzikanda ndiko kokha kumene ana a lero amaona galu akuchita.

Bambo a ku Dedza, oweta abulu:
Aphunzitsi, agogo anga sanali mwana wa m'tauni. Anabadwira m'mudzi pansi pa phiri la Dedza, mbewa anakumba, agalu osaka anaweta, ndipo ankaunena mwambiwu atagwira khutu la galu m'manja. Musandiike m'gulu la adzukulu.

Wosamalira mahatchi, Kyalami:
Zikomo nonse. Achimwene a ku Summerveld mwalasa, chifukwa chiyambire nyengo yozizira msipu unauma, mahatchi akukhala m'khola nthawi yaitali, ndipo iyi yakhala ikusiya chakudya m'chodyeramo, ine osalabadira. Ndayang'ana pansi pa mchira ndi m'makutu monga alangizi anenera, nkhupakupa palibe, ndipo katemera wake wa kafumbata ndi chiwewe ali m'buku. Mwini wake wavomera kuitana dokotala Lachisanu kuti adzaione m'mimba, ndipo pakadali pano sitikuikweza ana, tikuipatsa udzu wouma wosatha usiku wonse ndi chomera chodyetsa ziweto chotchedwa lucerne pang'ono. Ndinawaimbiranso atsibweni kuwafunsa kuti mkota ndi ndani, iwo kapena hatchi, ndiponso ngati galuyo amakanda dothi kapena khutu. Anangoti ndiyambe ndaona m'mimba mwa hatchiyo, za galu tidzakambirana ndikadzabwera kumudzi pa Khirisimasi.

Bambo a ku Dedza, oweta abulu:
Mukadzapita mudzawafunse bwinobwino, ndipo mudzatiuze kuno. Munthu amene anamva za hatchi yokana burashi n'kukumbuka mwambi umenewu sankaganiza za mbewa ayi.