M'busa Tommy Douglas anayamba bwanji inshuwalansi ya chipatala ku Canada?

Wa ku Kapata: Anzanga, nkhani ya NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya chipatala kuno ku Zambia, ikabuka ena amatchula Tommy Douglas, ati anali m'busa. Analowa bwanji m'ndale, nanga anachita zotani?

Amalume a ku Katete: Anabadwira ku Falkirk, Scotland, mu 1904. Kuyambira 1930 anali m'busa wa Baptist ku Weyburn, m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada, pomwe chilala ndi kugwa kwa mtengo wa tirigu zinasaukitsa alimi. Mu 1935 anasankhidwa phungu wa chipani cha CCF, mu 1944 n'kukhala mtsogoleri wa boma la chigawocho.

Nasibeko: Zoona Amalume, koma nzeru yake inali yosayambira zonse pamodzi. Mu 1947 anayamba ndi inshuwalansi ya ogonekedwa m'chipatala okha, munthu n'kumalipira madola 5 pachaka. Zolipirira madokotala zinadza mu 1962, iye atapita kale kukatsogolera chipani chatsopano cha NDP mu 1961. Apa mpamene panavuta: madokotala ananyanyala masiku 23, poopa kusanduka antchito a boma. Boma linaitanitsa ena ku Britain, mpaka anagwirizana kuti dokotala azilipidwa pa ntchito iliyonse imene wagwira.

Wa ku Chadiza: Kwathu kuno wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake kupita ku NHIMA, bwana n'kuwonjezapo 1 peresenti. Mlimi wa nsawawa alibe bwana, ayenera kukalembetsa yekha, ndipo mpamene ambiri amatsalira.