Zelda ya pa disiki ikukana kuwerenga, ikungoti ERR.22

Kadzidzi86: Akuluakulu, thandizeni. Famicom Disk System (chowerengera ma disiki cholumikiza ku Famicom, makina a magemu a Nintendo a ku Japan) ikuyaka bwinobwino, koma ndikalowetsa disiki ya gemu ya Zelda no Densetsu, ya 1986 ija, mota imalira kwa kanthawi kenako pamabwera uthenga wa vuto wakuti ERR.22, nthawi zina ERR.27. Disiki yatha, kapena vuto ndi makina?

Mlonda_wa_Hyrule: Musafulumire kuimba mlandu disiki, achimwene. Pa makina amenewa chimene chimayamba kufa ndi lamba wa mota. Ndi wa mphira, ndipo akakalamba amasungunuka n'kusanduka phala lakuda lomata pa mapule (timawilo tomwe lamba amazungulirapo). Tsegulani muone. Palani phala lonselo ndi kamtengo, mupukute ndi thonje lonyowetsa isopropyl (sipiriti wopukutira zipangizo) mpaka thonjelo lizituluka loyera. Mukasiyako pang'ono, lamba watsopano amaterereka kapena kumata.

Koma ntchito yeniyeni ili pambuyo pake. Drive imeneyi ndi ya mtundu wa Quick Disk ya Mitsumi, ndipo siidumphadumpha ngati floppy wamba: imawerenga mzere umodzi wozungulira ngati nkhono, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mota imodzi yomweyo ndiyo imazunguza disiki n'kumayendetsanso mutu wowerengera kudzera m'magiya. Ndiye mukamasula magiya poika lamba, kachitsulo kogwira disiki pakati kamasemphana ndi pomwe mutu uli, makina n'kulephera kupeza poyambira. ERR.22 yambiri imachokera pamenepo. Lembani chizindikiro pa magiya musanachotse kalikonse. Ngati zasemphana kale, masulani kasikuluwu ka hex ka m'mbali mwa kachitsuloko, mukatembenuze pang'ono, mumange, muyese. Zimafuna kudekha.

NaPhiri_Retro: Kuwonjezera apo, ERR.27 ikamabwera gemu itayamba kale kulowa, kawirikawiri ndi mutu wakuda, liwiro la mota, kapena kansalu kopsinja disiki pa mutu kaphwa. Yambani ndi kupukuta mutu. Kosinthira liwiro pa mota musakakhudze zina zonse zisanalephere, chifukwa ambiri amaonongera pomwepo. Yang'ananinso disikiyo powala: ma disiki achikasu aja alibe chotsekera, choncho nkhungu ndi fumbi zimalowa mosavuta. ERR.02 ndi mphamvu yochepa, ikani mabatire 6 a saizi C atsopano. ERR.07 ndiye kuti mwalowetsa mbali yolakwika, Zelda imayambira ku A kenako n'kupempha B.

Kadzidzi86: Zikomo kwambiri. Nanga adaputala ya magetsi ya NES (mtundu wa Famicom wa ku America ndi ku Ulaya) ingagwire pa Famicom?

Mlonda_wa_Hyrule: Ayi, musayerekeze! Ya NES imatulutsa AC, pomwe Famicom imafuna DC 10V, negative pakati. Mudzapsereza makina. Adaputala yeniyeni ya ku Japan nayonso inapangidwira magetsi a 100V.

Pols_Voice: Ikadzayenda, dziwani kuti gemu imasungidwa pa disiki pomwepo, ndiye kapulasitiki ka pakona pa disiki kakathyoledwa, siilola kusunga, mudzaona ERR.03. Matanipo tepi. Kuti musunge osadikira kuti Link (munthu amene mumamuyendetsa mu gemuyi) afe, dinani Start pa controller yoyamba, kenako Up ndi A pa yachiwiri. Ndipo zilombo za makutu ataliatali zija za m'ndende zapansi musalimbane nazo ndi lupanga, kuwani mu maikolofoni ya pa controller yachiwiri, zimafa pompo. Pa Zelda ya NES, ya 1987, maikolofoniyo palibe, kumeneko mumazilasa ndi muvi.