Chimanga chochokera ku Mchinji: thumba tizilipiritsa bwanji?

Wa lole ya 7 tani, Lilongwe: Akuluakulu, ndithandizeni masamu. Sabata yatha ndinakatenga chimanga cha kalabu ina ya alimi kuseri kwa Kamwendo, kubwera nacho ku Kanengo. Tinapangana mtengo pa thumba, matumba 140. Ndalama m'manja zimaoneka zambiri, koma nditachotsa za dizilo, za dalaivala ndi za anyamata opakira, zotsalazo sizikanagula ngakhale tayala lakale. Ndikulakwitsa pati?

Mayi a malole awiri, Kasungu: Achimwene, matumbawo munayeza?

Wa 7 tani: Ayi mayi, ndinangowerenga.

Mayi a malole awiri: Vuto layambira pomwepo. Mlimi akamva kuti mukulipiritsa pa thumba, amatsendera chimanga ndi musi, n'kusokerera chigamba pakamwa pa thumba. Limene mumati la 50 kg limafika 60. Matumba 140 oterowo ndi matani 8.4, inu mwalandira za matani 7, masipiringi akulira okha. Ine sikelo yopachika siichoka m'kabini. Timayeza matumba asanu mwini ali pomwepo, basi, mkangano watha.

Mdala wa ku Dedza: Zoona, koma chachikulu n'chakuti mukuwerengera m'makwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ambiri tinanyamula ndi mitengo yakale mpaka galimoto zinakhala pa miyala. Ine ndinasiya, ndimawerengera m'malita. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110, ndiye kupita ndi kubwera 220. Galimoto ngati yanuyo, ikakhala yokalamba ngati yanga, lita imodzi imayenda makilomita anayi, choncho malita 55. Onjezani asanu a msewu wafumbi, kumene mumayenda pa giya yachiwiri kuzemba zigwembe. Akwana 60. Lamulo langa: gawo limodzi la mafuta, lachiwiri la anthu ndi zokonzetsa (matayala, oyilo, inshuwalansi, COF yomwe ndi satifiketi yoti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu), lachitatu langa. Ndiye ulendowo ndi malita 180. Mukagawa ndi matumba 140, thumba lililonse likudya lita imodzi ndi kakusefukira, pafupifupi 1.3. MERA, bungwe loika mitengo ya mafuta, ikasintha mtengo usiku, m'mawa mumangochulukitsa malitawo ndi mtengo watsopano, osayambiranso kulota.

Wa 3 tani, Mchinji: Madala, masamuwo ndi abwino papepala. Kuno mukatchula mtengo umenewo mlimi amangoseka. Malole obwerera opanda katundu kuchokera kuchipata cha Mwami amanyamula ndi mtengo wa chakudya cha dalaivala, chifukwa mafuta bwana wake analipira kale. Tipikisana nawo bwanji?

Mdala wa ku Dedza: Musapikisane nawo pa tala, mwana wanga. Lole ya matani 30 siilowa m'mudzi, imadikira pamsewu. Chanu n'choti mumakafika pankhokwe penipeni, ndipo chimenecho chili ndi mtengo wake. Wofuna zotchipa asake ngolo imufikitsire kumsewu, awerengere yekha.

Mayi a malole awiri: Komanso musamapite mimba ili pululu. Nthawi yokolola anthu akumudzi amakhala ndi ndalama, amafuna malata, simenti, ena feteleza wa kudimba. Muziimbira ogulitsa m'magolosale a pa Kamwendo musananyamuke. Ngakhale katunduyo atangobweza malita 30, mtengo wa thumba mutha kuutsitsa pang'ono osadzipweteka.

Wa 7 tani: China ndinaiwala kunena. Ndinafika m'ma 8 koloko, ndinapeza chimanga china akadapeta, china chili pamphasa padzuwa. Tinagona komweko, dalaivala ndi mnyamata wake ndinawadyetsa ine.

Wa 3 tani: Eee, ndiye munagwira ganyu yaulere masiku awiri! Ine ndimanena ndisanalize injini: matumba akhale osoka kale, ndipo dzuwa likalowa tisanapakire, tsiku lachiwiri n'lolipira. Theka la ndalama atumize pafoni ndisananyamuke, lotsalalo tisanamasule tenti.

Mdala wa ku Dedza: Ndipo mukadzalowera ku Blantyre, zipata zolipira za Kalinyeke ndi Chingeni muziikiretu pamtengo, popita ndi pobwera.

Wa 7 tani: Zikomo nonse. Kalabu yomweyo yandiimbiranso, akuti ali ndi soya Lachinayi. Mayi a ku Kasungu, sikelo yanuyo imafika makilogalamu angati, ndipo munagula kuti?