Soya amasiyadi fataleza mu nthaka kapena anangotinamiza?

WakuChadiza: Anzanga thandizeni. Chaka chatha ndinadzala soya lima imodzi, chaka chino ndaikamo chimanga poti alangizi amati soya amasiya chakudya mnthaka. Fataleza wa D ndinathira koma urea sindinagule, pano chimanga chafika mmaondo masamba a mmunsi ali chikasu. Ndalakwitsa pati?

Gogo wa Mtenguleni: Mwana wanga ndikufunse kaye, zinyalala za soya unazipititsa kuti utakolola?

WakuChadiza: Agogo tinazula ndi mizu yomwe nkukamenyera pakhomo, zotsala mmunda anyamata anatentha posaka mbewa kkkk

Mphunzitsi_Katete: Apo ndiye pamene panathawira fataleza wanu achimwene. Mpweya tikupumawu pafupifupi 78% ndi nayitrojeni, yemweyo ali mu urea (thumba lija amalemba 46% N), koma chimanga sichingamutenge mumpweya. Soya, nshawa, nandolo ndi khobwe zili ndi timibulu ku mizu, mkatimo mumakhala mabakiteriya otchedwa rhizobia, iwowo ndiye amakoka nayitrojeni nkupatsa mbewu, mbewu nayo imawadyetsa shuga. Tsono vuto la soya ndi loti nayitrojeni wambiri amathera mu njere zomwe munagulitsa zija, wotsala ali mmasamba, mitengo ndi mizu, ndiye inu mizu mwazula masamba mwatentha mukufuna nthaka itsale ndi chani? Ulendo wina zulani phata limodzi soya akayamba maluwa, tswanyani kambulu ndi chikhadabo. Kakakhala kofiirira mkati ngati nyama ndiye kuti ntchito ikugwirika, koyera kapena kobiriwira palibe chikuchitika.

Amake Mwana ku Lundazi: Komanso munapaka inoculant? Ka ufa kakuda kaja ka mu paketi, kokhala ndi ma rhizobia aja, kopaka ku mbewu ya soya. Ine ndimasakaniza ndi madzi a shuga pang'ono pamthunzi nkudzala tsiku lomwelo, mukakasiya padzuwa tizilombo timafa mwangotaya ndalama. Nshawa sizivuta, Chalimbana ngakhale MGV4 zimapanga timibulu zokha, kungoti masangwi ake ng'ombe zimatha, ndiye ife timabweza manyowa a mkhola kumunda komweko.

Gogo wa Mtenguleni: Ine nandolo sindisiya. Amayoyola masamba ambirimbiri mpaka pansi kuchita kufewa, mizu yake imalowa pansi kwambiri. Kayera musamudalire, ndiwo basi, mnthaka amasiya zochepa. Ndipo pomwe ndimasinthanitsa mbewu kaufiti wachepa, uja anandisautsa zaka zambiri.

Mphunzitsi_Katete: Zoona agogo. Koma tisanamizane, kasinthasintha amachepetsa urea yemwe mungagule, sakuchotseratu ayi makamaka pa dothi la mchenga. Za mbewu yoyenera dera lanu mutha kufunsa ku Msekera, malo ofufuzira za ulimi pafupi ndi tauni ya Chipata.

WakuChadiza: Ndamva. Ndiye chimanga chilipochi ndichite nacho bwanji?

Amake Mwana ku Lundazi: Gulitsani kambuzi kamodzi mugule ngakhale theka la thumba muthire sabata ino pansi pakadali chinyezi, chisanamasule. Anyamata a mbewawo muwauze akumbe ndi khasu, machesi asiye kunyumba.