Kodi nyengo yozizira imachepetsa magalimoto m'misewu ikuluikulu?

Mayi wa ku Mbare:
Abale anga, ine ndimagulitsa tomato ku Mbare Musika, msika waukulu wa mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo chiyambire mwezi wa Juni malole ochokera ku Mutoko ndi ku Murewa, omwe ankafika kusanache, akumafika dzuwa litatuluka. Kodi kuziziraku kumachepetsadi magalimoto pamsewu, kapena madalaivala angosintha nthawi yonyamukira? Ndikufunsa chifukwa mu Julayi ndikufuna kupita kumudzi ku Mwanza kudzera pachipata cha Nyamapanda, pamalire a Zimbabwe ndi Mozambique.

Dalaivala wa thiraki:
Mayi, monga mmene ndimaonera ndili pachiongolero, magalimoto sachepa koma amangounjikana pa nthawi imodzi. M'bandakucha msewu umakhala pululu chifukwa galasi lakutsogolo limachita nthunzi, injini ya dizilo imavuta kulira, ndipo m'madambo a cha ku Marondera chifunga chimagwira mpaka osaona ngolo kapena ng'ombe yomwe ili pafupi. Dalaivala wanzeru amadikira kuti kuyere, choncho onse amene akananyamuka nthawi zosiyana amakumanizana pa tolgeti dzuwa litakwera. Njira ya ku Mutare ndiye yoopsa kwambiri, makamaka pa Christmas Pass, pamene nkhungu imatsika ngati chiperoni cha ku Thyolo, ndipo munthu umatsika phirilo pang'onopang'ono, nyali zili choyakire.

Bambo wa ku Highfield:
Achimwene mwanena zoona, koma ine ndikuona kuti mathiraki amachita kuchuluka m'miyezi imeneyi. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Malichi ndipo umapitirira mpaka m'nyengo yozizira, chimanga nacho chimakhala chauma ndipo chikupita ku madepoti a GMB, bungwe la boma logula mbewu, komanso misewu yafumbi yomwe imaterera nthawi ya dzinja imakhala yauma, moti lole imafika mpaka kumunda. Omwe amachepa ndi anthu oyenda maulendo ocheza usiku, koma nawonso amabwerera mwaunyinji pa tchuthi cha Heroes, chokumbukira ngwazi za dziko, mu Ogasiti. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi utsi wa moto wa lupsa, womwe umayamba udzu ukauma ndipo umaphimba msewu mwadzidzidzi kuposa nkhungu.

Dalaivala wa thiraki:
Ndionjezeko kuti kuzizira kwa kutali nakonso kumatikhudza. Mu Seputembala 2024 chipale chofewa chinatseka msewu wa N3 pa Van Reenen's Pass ku South Africa, ndipo magalimoto ambiri anagona pamenepo. Katundu wochokera ku doko la Durban akachedwa chotero, mathiraki amadzafika mothithikana pachipata cha Beitbridge, pamalire a Zimbabwe ndi South Africa, kenako onse nkudzaza msewu wa ku Masvingo. Kunena za ulendo wanu, Mayi, kwerani basi yonyamuka kutacha, ndipo mutenge bulangete ngakhale kuti ku Tete mukapeza kukutentha, chifukwa mphepo ya ku Mwanza madzulo imalowa m'mafupa.

Mayi wa ku Mbare:
Zikomo kwambiri nonse. Ndinyamuka tchuthi cha Heroes chisanafike, ndipo makasitomala anga ndiwauza kuti m'miyezi ino azibwera dzuwa litakwera.